Tisanamizire makina, mlandu ngwa wotuma

Amene munafikako ku Limbuli tsiku la msika mukudziwa kuti pamene paja sipafuna munthu wogona. Tambala asanalire kachiwiri njinga zimakhala zayamba kale kutulukira kuchokera mbali ya Muloza, iliyonse itasenza matumba a chimanga cha ku Milange, mwini wake akukankha thukuta lili kamukamu. Malole a ku Limbe ali ndandanda m'mbali mwa msewu, masikelo akulendewera, ndalama zikusintha manja mwa liwiro loti ukangophethira wagulitsidwa ndiwe. Ine ndakulira pamenepo. Pa unyamata wanga ndinali kalaliki wa pa sikelo pa esiteti ina ya tiyi, ndipo lero, imvi zili mbuu, ndine mlembi wa kagulu ka amalonda a mbewu kamene timasungitsana ndi kubwereketsana ndalama.

Pa Limbuli pali phunziro limodzi limene aliyense amaliphunzira ndi misozi, ndilo kutuma munthu. Wamalonda wanzeru akamatuma mnyamata kutsidya samuuza kuti akagule chimanga chabwino basi. Amamuuza mtengo woti asapitirire. Amamuuza kuti akalume njere aone ngati yauma, akapise dzanja mpaka pansi pa thumba poopa mchenga ndi anankafumbwe. Pomaliza amati, "Ukapeza zinthu zasintha usagule, ubwere udzandifunse." Wamalonda wopusa amangoti, "Iwe ndiwe dolo, ukudziwa kale," nkupereka mpukutu wa ndalama. Madzulo mnyamata akabwera ndi chimanga chachiwisi, wopusa uja amakuwa msika wonse kuti anyamata a masiku ano ndi mbava. Bodza lenileni. Mlandu ngwa wotuma.

Ndayamba ndi chimanga koma chala changa chikuloza inu a m'tauni, inu amene mwagula nyuzi ino mukudikira minibasi pa Ginnery Corner kapena ku Old Town, makamaka mabwana amene masiku ano simumaliza chiganizo osatchula AI. Mwapeza mtumiki watsopano. Satopa, sapempha ya sopo, sapita ku maliro. Mwamupatsa makiyi a nkhokwe zosunga maina athu, ngongole zathu ndi malipiro athu. Koma kalata imene mwamutuma nayo ndi ya wamalonda wopusa uja, ndipo choipitsitsa nchakuti mukuitamanda musanaiyese. Ine ndikuti zimenezi nzachibwana, ndipo ndinena chifukwa chake.

Tiyambe tamvana kaye, poti si tonse tinapita ku sukulu ya makompyuta. Inenso izi anandiphunzitsa ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito pa kakampani kena ku Blantyre kosunga mabuku a magulu ngati lathuli. Kale ofesi ikafuna kompyuta yaikulu yosungira zinthu, imene amati seva, inkagula chibokosi, nkuchiika m'chipinda chozizira, katswiri nkumalumikiza mawaya ndi manja. Lero ambiri amachita lendi makompyuta a makampani monga Amazon, Microsoft ndi Google, amene ali m'zinyumba zikuluzikulu kunja kwa dziko lino. Zapafupi ndi ife zili ku Johannesburg, kumene Microsoft inatsegula mu 2019, ndi ku Cape Town, kumene Amazon inatsegula mu 2020. Izi ndizo amazitcha cloud, ngakhale mulibe ndi dontho lomwe la mvula.

Tsono pomanga ofesi yanu m'makompyuta a eni akewo, anzathu anatulukira nzeru yotchedwa infrastructure as code. Tanthauzo lake ndi loti zonse uzilembe: maseva angati, nkhokwe ya zolembedwa ikhale pati, chitseko chiti chitseguke kwa yani. Ukalemba, pulogalamu imawerenga nkumanga yokha. Taganizani pulani ya nyumba yoti mukaiwerenga mokweza njerwa zimadzisanja zokha, koma mukafufuta chipinda pa pepalapo chipindacho chimagwa ndi katundu yense ali momwemo. Pulogalamu yotchuka pa ntchitoyi ndi Terraform, imene kampani ya HashiCorp inatulutsa mu 2014. Ili ndi malamulo atatu oyenera kuwadziwa ngakhale ife anthu wamba. Loti plan limakuonetsa zimene zichitike. Loti apply limazichitadi. Loti destroy limagwetsa zonse.

Musandimve molakwa, nzeru imeneyi ine ndimaiombera m'manja. Chinthu chikalembedwa chimasiya phazi: wasintha ndani, liti, chifukwa chanji. Ife Amalawi sitifunika kuuzidwa mtengo wa phazi lofufutika. Mu 2013, pa nkhani ya Cashgate, anthu ankalowa mu IFMIS, makina a boma olipirira ndalama, nkulemba malipiro a katundu woti sanaperekedwe, cheke chikatuluka nkufufuta zolembazo. Akatswiri a Baker Tilly atafufuza anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinalowa m'madzi m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala chaka chimenecho. Choncho dongosolo lililonse lokakamiza anthu kulemba zimene achita ndi bwenzi la munthu wosauka. Vuto langa si pulani yolembedwa ayi. Vuto langa ndi mmisiri watsopano amene mwamupatsa cholembera.

Masiku ano pulani ija ambiri sakuilembanso ndi manja awo. Akutuma AI, ndipo ena akuilola kuti ikalemba iziyendetsanso yokha malamulo aja. Popeza mtumiki ameneyu amayamba ntchito iliyonse ngati mlendo, osadziwa za pakhomo panu, amamulembera kalata ya malangizo imene amaiwerenga asanagwire kanthu. Ndi kafayilo chabe ka mawu wamba. Ena amakatcha AGENTS.md, ena CLAUDE.md, kutengera mtumiki amene mwalemba ntchito. Kalata imeneyi ndiyo mawu aja amene wamalonda amauza mnyamata asanakwere njinga. Ikakhala yabwino, mtumiki amathamanga kuposa munthu. Ikakhala yopanda mutu, amathamangabe, koma molunjika kuphompho.

Ndinaziona ndi maso angawa. Mphwanga anabwera kudzaona mayi ake, laputopu ili m'chikwama poti ntchito za masiku ano siziona tchuthi. Tinakhala pa khonde madzulo, phiri la Mulanje litafunda nkhungu, iye akugwira kantchito kochepa kamene bwana wake anamutuma: kukonza maina a zinthu mu pulani ija kuti azioneka mwadongosolo. Anauza mtumiki wake, ndipo madzi a tiyi asanawire ntchito inali itatha. Mawu ake anali okoma, aulemu, otsimikiza kuti zonse zili bwino. Mwanayo anayendetsa plan monga mwa chizolowezi chake, nkuwerenga mzere womaliza. Ndinangoona wagwira pakamwa.

"Amalume," anatero, "mabuku anu aja akanapita lero."

Chimene chinachitika ndi ichi. Kwa Terraform, dzina ndiye chinthucho. Ukasintha dzina la nkhokwe pa pulani osaiuza kuti ndi nkhokwe yomwe ija yangosintha dzina, iyo imaona ngati yakale sukuifunanso ndipo ukufuna ina yatsopano. Choncho imakonza zogwetsa yakale ndi kumanga ina yopanda kanthu. Mzere womaliza uja unkanena zomwezo: chimodzi chiwonjezedwa, chimodzi chigwetsedwa. Chogwetsedwacho inali nkhokwe yosunga mabuku a magulu onse amene kampaniyo imawatumikira, lathu lili momwemo. Mayi wamasiye amene anasungitsa ndalama za nandolo, mnyamata amene anabweza theka la ngongole ya njinga, onsewo anali mu "chimodzi" chimenecho. Njira yoyenera ilipo, kuyambira mu 2021 Terraform ili ndi mawu oti moved ouza pulogalamuyo kuti chinthu changosamuka. Mtumiki uja mawuwo amawadziwa. Kungoti palibe anamuuza kuti pakhomo pano nkhokwe sikhudzidwa popanda kufunsa. Chinatipulumutsa nchakuti mphwanga anali atasunga kiyi ya apply m'manja mwake.

Ndinamupempha kuti andiwerengere kalata imene anamutuma nayo mtumikiyo, azimasulira m'Chichewa. Abale inu! Masamba ndi masamba. Inayamba ndi kumutamanda kuti iye ndi katswiri wa akatswiri. Kenaka inamuuza kuti azitsata njira zabwino koposa, osanena kuti njirazo ndi ziti. Inamuuza kuti azisamala chitetezo. Inamuuzanso kuti azigwira ntchito mwachangu ndipo asamavutitse anthu ndi mafunso. M'masamba onsewo munalibe mzere ndi umodzi womwe wonena kuti nkhokwe yeniyeni ndi iti ndipo yoyeserera ndi iti. Munalibe mzere wonena kuti akaona mawu oti destroy aime. Kunena mwachidule, inali "iwe ndiwe dolo, ukudziwa kale" yovala suti.

Patapita masabata angapo bwana wa kampaniyo anabwera kudzacheza ndi magulu a kuno, ndipo ine ndinaimika dzanja. Ndinafunsa kuti kodi kalata ija anaiyesa bwanji asanaikhulupirire. Anaseka mwaulemu, kuseka kuja kwa munthu wophunzira akamayankha nkhalamba. Anati kalatayo inachokera kunja, anthu ambirimbiri amaigwiritsa ntchito, ndipo anaipereka kwa AI ina kuti iione ndipo inaipatsa malikisi apamwamba. Anamaliza ndi kunena kuti, "Madala, izi si za sikelo." Anthu anaseka. Ine ndinakhala pansi poti pagulu sutsutsana ndi mlendo, koma usiku umenewo tulo sindinatione. Lero ndikuyankha kudzera m'nyuzi ino: bwana, izi nza sikelo ndithu.

Sikelo siyesedwa ndi utoto wake kapena dziko limene inachokera. Sifunsidwa kuti, "Kodi iwe sikelo, ndiwe wachilungamo?" Imayesedwa ndi mwala wodziwika kulemera kwake. A Malawi Bureau of Standards akabwera pa msika samvera nthano za mwini sikelo, amatulutsa miyala yawo nkukoleka. Muvi ukaloza pena, sikeloyo yagwa, ngakhale ikhale yonyezimira bwanji. Pa esiteti paja tikadalola sikelo yosayesedwa, mayi wothyola tiyi tsiku lonse mvula ili pamsana akadabedwa thukuta lake osadziwa. Kalata ya malangizo nayo ndi chipangizo. Funso si loti ikumveka bwino m'khutu. Funso ndi loti mtumiki akaiwerenga amachita chiyani akafika pamphambano.

Ndipo musaganize kuti izi ndi mantha a munthu wa kumudzi. Mu Julayi 2025, ku America, Jason Lemkin, mkulu wa bungwe la SaaStr, ankamanga pulogalamu mothandizidwa ndi mtumiki wa AI wa kampani ya Replit. Anali atalamula momveka kuti pasasinthidwe kanthu. Mtumikiyo anafufuta nkhokwe yeniyeni, momwe munali zolembedwa za akuluakulu a makampani oposa 1,200, ndipo pambuyo pake ananena kuti sizingabwezedwe, pamene zinali zotheka. Mkulu wa Replit, Amjad Masad, anavomera poyera kuti zimenezo siziyenera kuchitika, ndipo kampaniyo inalekanitsa nkhokwe yoyeserera ndi yeniyeni. Taonani bwino pamenepa. Bamboyo anachita kunena kuti usakhudze, komabe zinakhudzidwa. Nanga kalata yosanena nkomwe?

Ngakhale AI isanalowe m'bwalo, zing'onozing'ono zakhala zikugwetsa zimphona. Pa 28 Febuluwale 2017 katswiri wina wa Amazon analakwitsa polemba lamulo limodzi, nkuzimitsa maseva ambiri kuposa amene ankafuna, ndipo mbali yaikulu ya intaneti inatsimphina kwa maola anayi. Mu Meyi 2024 Google inafufuta mwangozi malo amene UniSuper, thumba la penshoni la ku Australia la anthu oposa theka la miliyoni, linkasungirako zinthu zake. Gwero lake linali kabokosi kamodzi kosiyidwa kopanda kanthu pomanga malowo, makina nkudzazamo okha nthawi ya chaka chimodzi, chakacho chitatha nkufufuta. Anapulumukira pa kope lina limene anasunga kwa kampani ina. Ngati kabokosi kamodzi kangachite zimenezi m'manja mwa akatswiri a Google, kuli bwanji kalata yodzaza mabokosi opanda kanthu m'manja mwa mtumiki amene sachita manyazi kungoganizira?

Tsono miyala yanga yoyesera ndi iyi, ndipo ndikuipereka ulere. Mwala woyamba: kodi kalatayo ikunena za pakhomo panu? Ifufuteni dzina la kampani yanu, muone ngati ingagwire ntchito chimodzimodzi pa kampani ina ya ku London. Ikatero, ndiye kuti sinanene kanthu. Kalata yabwino imatchula akaunti yoyeserera ndi akaunti yeniyeni, imatchula kumene zinthu zikusungidwa, mmene mumatchulira maina, ndi lamulo lenileni loti liyendetsedwe pofuna kuona ngati ntchito yalongosoka. Zoti "utsate njira zabwino" mtumikiyo anazimva kale kambirimbiri pamene ankaphunzitsidwa. Chimene sakudziwa ndi chakuti pakhomo panu chitsime chili kuseri kwa khitchini ndipo chilibe chivundikiro.

Mwala wachiwiri ndiwo waukulu: kodi ikunena poimira, ndipo kuseri kwa mawuwo kuli loko? Iyenera kunena mosapsatira kuti mtumiki athera pa plan, apply nja munthu, ndipo pulani iliyonse yogwetsa kanthu iyenera kuonedwa ndi maso awiri a munthu wina. Koma nkhani ya Replit yatiphunzitsa kuti mawu si mpanda. Mbuzi suiletsa kulowa m'dimba poiwerengera malamulo. Choncho kiyi imene mwampatsa mtumiki ikhale yoti singathe nkomwe kugwetsa nkhokwe yeniyeni. Terraform ili ndi loko wake wotchedwa prevent_destroy, koma mphwanga anandichenjeza kuti loko ameneyu amachoka pamodzi ndi ndime imene walembedwamo, motero pamafunikanso loko wina kumbali ya kampani yosunga nkhokweyo. Kalata imene ikudalira ulemu wa mtumiki yokha yagwa mayeso isanalowe nkomwe m'kalasi.

Mwala wachitatu ndi wa zinsinsi. Terraform imasunga kaundula wake wa zonse zimene yamanga, amati state, ndipo m'kaundula ameneyu mapasiwedi amatha kukhalamo osabisika, oti aliyense wotsegula awerenga. Kodi kalata yanu ikumuuza mtumiki kuti kaundulayu asamuike poyera ndipo asamukonze ndi manja? Kodi ikumuletsa kulemba mapasiwedi mu pulani? Ndamva kuti ena amafika polemba makiyi awo m'kalata momwemo kuti mtumiki asavutike. Kumeneko nkupachika kiyi ya sitolo pa chitseko. Ndipo kumbukirani kuti dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, limene limaika udindo wosamala mbiri za anthu pa amene wazisonkhanitsa. Zikadzatayika, woitanidwa kukayankha si AI. Ndi inuyo bwana, ndi taye yanuyo.

Mwala wachinayi ndi ndalama. Makompyuta a lendi aja amalipiridwa m'madola, pa ola pa ola, kaya mukuwagwiritsa ntchito kaya mwagona. Kalata zokopera kunja zinalembedwa ndi anthu amene dola kwa iwo ndi ndalama ya m'thumba. Ife kwacha yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene anaimapo pa mzere ku banki kupempha ndalama zakunja akudziwa kuwawa kwake. Mtumiki wouzidwa kuti amange zolimba koposa adzakumangirani maseva atatu pamene imodzi ikadakwana, ndipo sadzalakwa, poti mwamuuza ndinu. Kalata ya Mmalawi iyenera kunena malire a mtengo, monga wamalonda uja amanenera kwa mnyamata wake. Ikapanda kutero bilu idzagwera mayi wa nandolo uja, kudzera m'ndalama imene gulu lathu limalipira mwezi ndi mwezi.

Mwala wachisanu ndiwo umene bwana uja sanaukoleke nkomwe: kutchera msampha. Mangani dimba loyeserera kumene kulibe mbewu ya munthu. Mpatseni mtumiki ntchito zimene mukudziwa kale mayankho ake, zina mwa izo zokhala ndi mbuna. Muuzeni asinthe dzina la nkhokwe, muone ngati agwiritse moved kapena agwetse. Muuzeni kuti zinthu zathina, atsegule chitseko kwa aliyense kuti ntchito ithe msanga, muone ngati akane. Mpatseni lamulo losamveka bwino, muone ngati afunse kapena angoganizira. Ndipo musayese kamodzi, chifukwa mtumiki ameneyu funso lomwelo amatha kuliyankha mosiyana lero ndi mawa. Yesani kakhumi, muwerenge kuti wagwa kangati. Kenaka chotsani kalatayo muyesenso. Ngati zotsatira zili chimodzimodzi, kalata yanu ndi chithumwa chabe, chovala m'chiuno kuti mtima ukhale m'malo.

Ndibwerere ku zifukwa zitatu za bwana uja. Akuti inachokera kunja. Inde, ndipo jekete la kaunjika nalo limachokera kunja, koma umayamba waliyesa usanalipire. Akuti anthu ambiri amaigwiritsa ntchito. Anthu ambiriwo sasunga mabuku a pa Limbuli, ndipo zikawaonongekera sabwera kudzatiuza. Akuti AI ina inaipatsa malikisi apamwamba. Apa ndiye pondiseketsa. Kufunsa makina kuti aone ngati kalata ikudzitsutsa yokha kapena yasiya mfundo, zimenezo nzothandiza, sindikana. Koma malikisi amenewo ndi a kalembedwe, si a ntchito. Ndi chimodzimodzi kupatsa munthu laisensi yoyendetsa lole chifukwa walemba bwino chimangirizo cha mutu woti "Ulendo wanga wa ku Muloza". Ndipo za kutalika kwake, aliyense amene anatumapo mwana akudziwa kuti ukamuuza zinthu makumi atatu, chimene amaiwala ndi chija chofunika. Mizere yochepa yoluma iposa masamba ambiri onyambita.

Pali chifukwa china chimene ife a kuno nkhaniyi timaimva m'mafupa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatigwetsera phiri pamutu. Anthu oposa 1,000 anatisiya m'dziko muno, Mulanje ndi Phalombe zili m'gulu la maboma amene analira kwambiri, misewu ndi milatho zinakokoloka, ndipo magulu ambiri mabuku awo a pepala anapita ndi madzi. Tinaphunzira kuti funso lalikulu pa chinthu chilichonse chomangidwa ndi loti chikagwa tidzachimanganso bwanji. Kumayambiriro kwa 2024 dziko lonse linafunsa funso lomwelo pamene makina osindikiza mapasipoti anaima kwa masabata ambiri, ndipo pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale kuti akuba a pa intaneti anawalowerera ndipo akufuna dipo. Ubwino wonse wa pulani yolembedwa uli pamenepa, kuti nyumba ikagwa umaidzutsanso kuchokera pa pepala. Koma pulani imadzutsa makoma okha, katundu wa m'nyumba amafuna kope lake losungidwa kwina. Kalata yosamuuza mtumiki za kope limeneli, ndi kampani yosayesapo kudzutsa zinthu kuchokera pa kopelo, akutinamiza. Safunsa anadya phula.

Chomaliza, kalata ikhale ndi mwini wake ndi tsiku. Zipangizo zimenezi sizikhala malo amodzi. Mu Ogasiti 2023 HashiCorp inasintha chilolezo chogwiritsira ntchito Terraform, anthu ena nkupatuka kuyambitsa yawo yotchedwa OpenTofu, ndipo mu 2025 kampaniyo inagulidwa ndi IBM. Atumiki a AI nawo amasinthidwa kangapo pa chaka, ndipo watsopano samva kalata mofanana ndi wakale. Sikelo imayesedwa chaka ndi chaka, osati tsiku logula lokha. Kalata nayo iyesedwenso nthawi iliyonse mtumiki akasintha, ndipo pakhale munthu wa dzina ndi nkhope woti tikamufunse. Chinthu cha aliyense nchopanda mwini, ndipo mbewa zikachuluka siziika masa.

Ife a msinkhu wanga tinakulira m'dziko limene kumvera inali imodzi mwa ngodya zinayi. Tinaona zimene amachita mnyamata womvera akapatsidwa mphamvu ndi lamulo losamveka bwino: amaonjeza changu kuti akondweretse womutuma. Pa 14 Juni 1993 tinaima pa mizere kuvotera dziko limene munthu angafunse kuti "chifukwa chiyani?" asanachite kanthu. Tsono zikundiwawa kuona ana athu ophunzira akulembera mtumiki wamphamvu chotere kalata yomuuza kuti asamafunse mafunso. Mtumiki wabwino ndi amene amabwerera pa Muloza chimanjamanja nkunena kuti, "Bwana, zinthu zasintha, nditani?" Kalata yabwino ndi imene imamupatsa chilolezo chobwerera.

Mphwanga anakalemba kalata ina. Ndi yaifupi, yokwana tsamba limodzi, yopanda mawu otamanda ndi amodzi omwe. Anaitchera misampha, ndipo pamene mtumiki anagwa anakonza mzere nkuyesanso. Kiyi yogwetsera anaichotsa m'manja mwa mtumikiyo. Ntchito akuti ikuyenda msanga kuposa kale, ndipo ine ndikukhulupirira, chifukwa mnyamata wodziwa malire ake sapalasa njinga mwamantha. Choncho asanene wina kuti mdala wa pa Limbuli akudana ndi chitukuko. Makinawo abwere, tikuwafuna. Ndikudana ndi ulesi wovala magalasi.

Inu amene muli m'mabodi a ma SACCO, a mabanki, a zipatala ndi a mabungwe, simufunika digiri ya makompyuta kuti mugwire ntchito yanu pa nkhaniyi. Pa msonkhano wotsatira imikani dzanja. Funsani ngati pali AI imene ikukhudza makina osunga mbiri za anthu anu. Pemphani kuti akuwerengereni kalata imene anaituma nayo, m'chinenero choti mumve. Funsani kuti anaiyesa ndi misampha ingati ndipo inagwa kangati. Funsani kuti kiyi yogwetsera ili ndi yani, ndipo ndi liti pamene anayesapo kudzutsa nkhokwe kuchokera pa kope. Akakusekani kuti izi si za sikelo, musakhale pansi ngati mmene ndinachitira ine. Madzi akatayika saoleka, ndipo tsiku limene mabuku adzasowe mudzamva anthu omwewo akunena pa wailesi kuti makina analakwitsa. Kuno ku Limbuli bodza limenelo tinalisiya kalekale. Mnyamata akabwera ndi chimanga chachiwisi, timayamba tafunsa amene anamutuma.